Chifuwa chimene chinkabwera ndi ababa

Ndili mu Sitandade 3 ndinali ndi chifuwa chanzeru kwambiri. Chinkadziwa tsiku limene ababa afike kuchokera kunyanja, chinkadziwanso tsiku limene abwerere. Pakati apa chinkandisiya ndizisewera fulaye ndi kudumpha chingwe ngati ana ena onse.

Kwathu ndi kumudzi wina chakum'mawa kwa Ntaja, kumene anthu ambiri ndi Ayao achisilamu. Amayi ndi akonko. Ababa anachokera kwa Nsamala ku Balaka, Mkatolika wovala kolona m'khosi, ndipo anabwera kudzakhala chikamwini. Zidina anaumba okha, nyumba anamanga okha, koma dothi limene nyumbayo inakhalapo linali la mbumba ya amayi. Zimenezi mwana sachita kuuzidwa. Amangoona mmene bambo ake amatsitsira mawu alamu awo akalowa pabwalo.

Munda wathu unali waung'ono, choncho ababa ankapha nsomba ku Chiuta. Ankakhala kudooko milungu iwiri, mwina itatu, kenako n'kutulukira pa njinga atamangirira dengu la makumba ndi milamba yowamba kumbuyo. Pakhomo ankakhalapo masiku atatu basi. Dzuwa likakwera ankapita kukagulitsa nsomba pamsika wa pa Ntaja, n'kubwerako atatopa, maso akutsekeka okha. Nthawi yawo yokhala pansi inali m'mawa, pamene ankayala ukonde pakhonde n'kumausoka. M'mawa momwemo ndi mmene ine ndinkayenera kukhala pansi pa mtengo wa mango kusukulu, tikukuwa matebulo a masamu.

Ndinene poyera, sukulu sindinkadana nayo. Aphunzitsi athu sanali ankhanza, phala tinkalandira, ndipo kuwerenga ndinkakhoza kuposa anyamata ambiri amene ankandiseka kutalika kwa miyendo. Chinkandiwawa n'chakuti ababa anga amabwera, amagona, amapita, ine osawaona bwinobwino.

Loweruka lina zinangochitika kuti anali pakhomo, ndipo ndinakhala nawo pakhonde m'mawa wonse. Ababa sanali munthu wolankhulalankhula. Ankakola ukonde ku chala chachikulu cha kuphazi, n'kumatseka mabowo amene milamba ndi mabango zang'amba, uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Ine anandipatsa ntchito yokoka mbali ina ya ukondewo kuti ukungike, ndi yodula mapatapata akale m'tizidutswa tomangirira kuti ukonde uziyandama. Ankanditchula kuti mayi. "Takokani pang'ono, mayi." "Mwadula bwino, mayi." M'nyumba mwathu munalibe wina amene ankandipatsa ulemu wotero. Tsiku limenelo ndinatsimikiza mumtima kuti ulendo winawo akabwera, kusukulu akaone okha.

Bodza langa loyamba linali lopusa. Ndinati ndikudwala malungo. Ndinadzifunditsa bulangete, n'kumanjenjemera mpaka mano kugundana. Amayi sanachedwe, anaitana wakabaza, ulendo wa kuchipatala. Tinakhala pamzere mpaka masana, anandibaya chala, n'kunena kuti malungo mulibe. Pobwerera tinapeza ababa atapita kale kumsika. Sukulu ndinajomba, ababa sindinawaone, chala n'kumandipwetekanso. Ndinatengapo phunziro lakuti ukamanama matenda, usankhe amene sapezeka m'magazi.

Ndiye ndinasankha chifuwa. Ndinkakonzekera kuseri kwa chimbudzi mpaka ndinachidziwa bwino: kukhosomola kouma, kochokera pansi, dzanja lili m'nthiti, nkhope itakwinyika. Chakudya chamasana ndinkakana, poti ndinkadziwa kuti wodwala amene akudya bwino sakhulupiririka. Njala sinkandivuta kwenikweni, chifukwa amayi akangotembenuka ababa ankandinyemera mlamba pansi pa ukonde. Zinayenda bwino kwambiri. Amayi ankandiyalira mphasa pakhonde kuti ndiothere dzuwa, iwo n'kupita kumjigo kapena kudimba, ine n'kutsala ndi ababa anga. Ababa akangokwera njinga kubwerera kunyanja, m'mawa mwake ndinkadzuka ndili gwa, n'kuvala yunifomu.

Ulendo wachitatu amayi anakandionetsanso kuchipatala, ndipo anatipatsa mapiritsi oyera m'kapepala. Ndinkawaika pansi pa lilime, n'kukawalavula kuseri kwa nyumba, kumene khoma linali ndi mng'alu. Ndinkawakankhira mkati ndi kamtengo. Ndinkadziona ngati munthu wochenjera kwambiri m'boma lonse la Machinga.

Amene anandiwonongera zinthu ndi amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu. Anali mayi wa maso akuthwa, wosaiwala kanthu, ndipo ukwati wa amayi ndi munthu wa kolona sanaukondepo chiyambire. Ankakonda kunena kuti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Bodza langa sanaligwire ayi. Bola akanaligwira. Iwo anachita choipa kuposa pamenepo, anandikhulupirira ndi mtima wonse.

Tsiku lina ababa atapita kumsika, amayi aakulu anabwera n'kukhala pamphasa panga. Anandikoka chikope, anandigwira tsitsi n'kunena kuti layamba kufiira, chonsecho linali fumbi. Anandidina mwendo ndi chala n'kunena kuti mapazi ayamba kutupa. Mapazi anga ndi aakulu chibadwire, ndinatengera ababa. Kenako anatembenukira kwa amayi.

"Iwe, maso uli nawo koma suona. Mwanayu amadwala liti?"

"Amangodwala, achemwali."

"Iyayi. Tawerenga bwino. Bambo ake akakhala kunyanja amadwala?"

Amayi aakulu anadziyankha okha.

"Akabwera, wagona. Akapita, wadzuka. Kuchipatala apeza chiyani? Mwanayu amusempha."

Mawuwo ndinali nditawamvapo, koma tanthauzo lake sindinkalidziwa bwino. Tsempho, amene m'Chiyao timati ndaka, ndi matenda amene akuluakulu akwathu amakhulupirira kuti amagwira mwana ngati bambo kapena mayi ake wayenda ndi munthu wina kunja kwa banja, kenako n'kubwera kudzadya ndi mwanayo m'mbale imodzi. Zizindikiro zake amati ndi kukhosomola, kubaya m'chifuwa, kukana kudya, kuonda ndi kutupa. Pa matenda onse a padziko lapansi, ine ndinasankha amenewo, n'kuwakonzekera mwaluso kuseri kwa chimbudzi. Ndipo chifukwa chofuna kukhala ndi ababa, ndinkadwala pa masiku enieni amene ankawaloza chala.

Ndikanasiya pomwepo, mwina zikanazirala. Koma mwana wa zaka zisanu ndi zinayi saona patali. Ndinaganiza kuti ndi zokamba za akuluakulu, zitha zokha. Ababa atabweranso patapita milungu iwiri, chifuwa chinabwera nawo monga mwa nthawi zonse.

M'mawa wa tsiku lachiwiri, ababa asanayale n'komwe ukonde, amjomba anatulukira. Amjomba anali mchimwene wa amayi, mwini mbumba, ndiponso nkhoswe ya ukwati wa makolo anga. Anali munthu wofatsa, wosoka zovala pakhonde la golosale ina, koma akakwiya ana tonse tinkamwazika. Tsiku limenelo anavala kofia ndi mkanjo ngati Lachisanu. Pambuyo pawo pankabwera amayi aakulu atanyamula kapu yovundikira ndi kambale ka mchere. Anayala mphasa kuseri kwa nyumba kuti odutsa asamve. Ine anandigoneka pakati atandifunditsa chitenje.

Atapatsana moni, amjomba anayamba.

"Alamu, ife sitikufuna kukuchotsani ulemu. Mwakhala nafe bwino zaka zonsezi. Tikanadikira ankhoswe anu a ku Balaka, koma moyo wa mwana sudikira. Mukapita kunyanja amachira, mukabwera amagona. Aka n'kachinayi. Kuchipatala alephera. Inu mukuti bwanji?"

Ababa anayang'ana amayi kaye, kenako amjomba.

"Ine palibe chimene ndikudziwa, alamu. Kudooko ndimagona ndi ukonde wanga."

"Kudooko timakudziwa ife!" anatero amayi aakulu. "Azimayi ogula nsomba aja timawaona mmene amadzikongoletsera popita kumeneko."

"Achemwali, dikirani," anatero amjomba. "Alamu, mwambo mukuudziwa. Mankhwala ndi awa, tatenga kwa odziwa. Koma anena kuti mwana sangamwe pokhapokha amene wamusempha athiremo mchere ndi dzanja lake, n'kum'mwetsa yekha. Mukathira, mwana achira, zina tikambirana bwino pambuyo. Mukakana, mankhwalawa titaya. Koma chikachitika china pa mwanayu, Walahi, mudzi uno simudzaupondanso."

Apa m'pamene ndinamvetsa kuti zinthu zaipa, ndipo zaipa chifukwa cha ine. Mawu awiri okha akanatha nkhani yonse: sindikudwala, ndimanama. Anali pakamwa penipeni. Koma ndinayang'ana amjomba atavala mkanjo wawo, atasiya makina awo osokera chifukwa cha ine. Ndinayang'ana amayi aakulu amene anayenda ulendo kukafuna mizu. Ndinaganiza za chikwapu, ndi za manyazi, ndi mmene mudzi wonse udzandisekere. Ndinachita mantha, ndipo mawu aja ndinawameza.

Ababa anasendera pafupi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, osamwetulira.

"Mayi," anatero chapansipansi, "m'chifuwamo mukupwetekadi?"

Anandipatsa khomo lotulukira, lotsegula bwinobwino. Ine ndinakhosomola. Pa zoipa zonse zimene ndachitapo m'moyo wanga, palibe choposa chimenechi, ndipo ndinachichita nditagona pamphasa, dzanja lili m'nthiti monga ndinazolowerera.

Ababa anagwedeza mutu pang'ono.

"Bweretsani mcherewo."

Anatsina mchere ndi zala zitatu, n'kuthira m'kapu. Amayi anatulutsa kamawu kamene sindinakamvepo n'kale lonse, ngati munthu amene waponda munga ali ndi mtolo pamutu. Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ababa anandidzutsa, dzanja limodzi kunkhongo kwanga, lina likugwira kapu. Manja awo ankanunkhira utsi wa nsomba. Mankhwalawo anali owawa kwambiri, ndipo ndinamwa onse.

M'mawa mwake ababa ananyamuka, tsiku lawo lisanakwane. Nthawi zonse amayi ndi amene ankawamangira ufa ndi kuwaperekeza mpaka pamsewu. Tsiku limenelo ufa anamanga okha. Amayi anatenga khasu n'kupita kudimba osatsanzika. Amjomba anali atanena kale kuti za ukwati zidzakambidwa ankhoswe a ku Balaka akadzabwera.

Chifuwa ndinachisiyiratu tsiku lomwelo. Ndinkaganiza kuti ndikachira, zonse zibwerera m'malo mwake. Ndinapita kusukulu, ndinkadya mpaka kunyambita mbale, ndinkathamanga pabwalo kuti aliyense aone. Sindinadziwe kuti ndikukumba dzenje lomwelo. Madzulo ena ndikutunga madzi pamjigo ndinamva amayi aakulu akuuza azimayi anzawo.

"Mwamuona? Uyu anatsala pang'ono kutisiya. Bambo ake atangothira mchere, m'mawa mwake wadzuka. Za makolo sizinama."

Azimayiwo anandiyang'ana mwachisoni, wina n'kundisisita mutu. Ndinasenza ndowa yanga isanadzaze. Kudwala kwanga kunawapatsa ababa mlandu, ndipo tsopano kuchira kwanga kunakhala umboni.

Inatha milungu iwiri, ababa osabwera. Itatu. Inayi. Nsomba ankatumiza ndithu, kudzera mwa wakabaza wina wa kudooko. Amayi ankaziphika bwinobwino n'kundipatsa ine, koma iwo osalawako. Ankadyera nkhwani. Anasiya kuimba akamasinja, ndipo ankandisamala mopitirira muyeso, kundifunditsa, kundifunsa ngati m'chifuwa mwayambanso. Chisamaliro chimenecho chinkandiwawa kuposa chikwapu chimene ndinkachiopa chija. Kusukulu ndinayamba kulephera masamu amene ndinkakhoza. Tsiku lililonse ndinkati ndiwauza mawa.

Lachitatu lina m'mawa, nditavala kale yunifomu, ndinalowa kuchipinda kukatsanzika. Ndinapeza amayi akupinda zovala za ababa n'kumaziika m'thumba la feteleza. Malaya awo oyera a kutchalitchi, buluku lakuda, kabuku ka mapemphero, ngakhale lumo lawo lometera.

"Amayi, zimenezo zikupita kuti?"

"Amjomba ako atuma uthenga ku Balaka. Anthu akwawo akubwera Loweruka. Tapita, uchedwa."

Sindinapite. Ndinawagwira dzanja n'kuwakokera kuseri kwa nyumba. Anandikalipira kuti ndikuwatayitsa nthawi, koma ananditsatira. Ndinatola kamtengo n'kuyamba kutokosa mumng'alu muja. Mapiritsi anayamba kugwa, ena atasungunuka, ena ali athunthu, osakanikirana ndi dothi. Ndinalankhula ndikuyang'ana khoma, chifukwa nkhope yawo sindikanatha kuiyang'ana. Ndinawauza zonse, kuyambira malungo aja, chimbudzi, mlamba wa pansi pa ukonde, ndi chifukwa chake.

Amayi anatola piritsi limodzi n'kulitembenuza m'manja.

"Khosomola."

"Amayi?"

"Ndati khosomola!"

Ndinakhosomola. Chinatuluka bwinobwino, chouma, chochokera pansi, ndipo dzanja linapita lokha m'nthiti. Amayi anakhala pansi, padothi penipeni. Ndinadikira khofi, koma silinabwere. Anangogwira pakamwa n'kunena kuti, "Mwamuna wanga ine." Anabwereza kangapo. Kenako anadzuka, anamanga chitenje molimba, anaola mapiritsi aja ndi dothi lomwe, n'kundigwira pamkono mwakuti zala zawo zinadinda.

Amjomba tinawapeza asananyamuke kupita kokasoka. Amayi aakulu anabwera okha atamva phokoso. Amayi anathira mapiritsi pamphasa n'kundiuza kuti ndinene zonse kachiwiri. Nditamaliza, amayi aakulu anatsonya.

"Mwana akuteteza bambo ake uyu. Wachita kuphunzitsidwa."

Amayi anawayankha, "Waphunzitsidwa ndi ndani, achemwali? Bambo ake wawaona liti? Iwe, khosomola."

Ndinakhosomola.

"Leka." Ndinaleka. "Yambanso."

Anandiyambitsa n'kundileketsa ngati wailesi. Amjomba anayamba kuseka, koma kuseka kwawo sikunapite patali. Anavula kofia n'kumasisita m'mutu.

"Astaghafirullah, Mulungu atikhululukire. Tamulakwira munthu."

Amayi aakulu sanagonje. Anaimirira n'kukutumula chitenje.

"Chabwino, mwana ananama. Nanga iwowo anathiriranji mchere ngati analibe mlandu? Munthu wosalakwa amavomera?"

Amjomba anayang'ana pansi. Amayi anati, "Zimenezo akudziwa ndi eni ake. Ine ndikupita kunyanja." Amjomba anatuma mwana wawo kuti agwire tambala wamkulu wa m'khola, n'kunena kuti apita nafe, chifukwa pakamwa pamene panalakwa ndi pawo. Kwathu kuno si kawirikawiri mwini mbumba kuyenda ulendo kukapepesa mkamwini. Amjomba anachita zimenezo, ndipo mpaka lero ndimawalemekeza nazo.

Tinakwera matola mpaka pamene msewu unathera, kotsalako tinayenda pansi. Tinafika kudooko dzuwa lili paliwombo. Ponseponse panali utsi, ntchentche ndi nsomba zoyanika pa mathandala. Ababa tinawapeza akutembenuza milamba pa waya, atavula malaya, kolona ikulendewera. Anali ataonda, nthiti zikuwerengeka. Atationa anaima chilili, mlamba uli m'manja. Ndikukhulupirira kuti poyamba anaganiza kuti tabweretsa zovala zawo.

Amayi anandikankhira kutsogolo. "Nena."

Ndinagwada pamchenga wotentha n'kunena kachitatu tsiku limenelo. Ulendo uno ndinalira mpaka mawu kusamveka. Ababa anamvetsera mpaka kumapeto. Anaika mlamba uja pa waya, n'kupukuta manja pa kabudula.

"Lero ndi lachingati, mayi?"

"Lachitatu."

"Ndiye mwajombanso?"

Amjomba anaseka, asodzi awiri amene ankamvetsera chapatali anasekanso. Kenako amjomba anakhala pansi n'kulankhula mawu awo opepesa, aatali, osakaniza Chiyao ndi Chichewa, tambala ali m'manja. Anati akudziwa kuti pepani sapoletsa chilonda, koma alibe china chimene angabwere nacho. Ababa analandira tambalayo ndi manja awiri.

"Zatha, alamu. Mwana ali moyo."

Amayi anasendera pafupi ndi waya uja. Anangoima pambali pa ababa n'kuyamba kutembenuza nsomba zotsalazo. Maso awo anali ofiira, ndipo ankati ndi utsi.

Loweruka ankhoswe a ku Balaka anabweradi, poti uthenga wowaletsa sunawapeze. Anapeza ababa ali pakhonde pawo, ndipo anadya tambala uja n'kubwerera. Chikwapu sindinachione. Chilango changa chinali kuzira nyumba yonse ndi kumata mng'alu uja ndekha. Koma ababa anasintha chinthu chimodzi popanda kuuza munthu. Kuyambira pamenepo, akabwera ankalawirira kumsika m'mawa, ine n'kundikweza pa njinga patsogolo mpaka pasukulu, dengu la nsomba lili kumbuyo. Ukonde ankausoka masana, ine nditaweruka. Ndinkafika m'kalasi ndikununkha mlamba, anzanga n'kumandiseka, koma ndinalibe nazo ntchito. Sindinajombenso mpaka ndinalemba mayeso a Sitandade 8.

Sikuti zonse zinafufutika. Nkhani yoipa imayenda msanga kuposa yoikonza. Panali azimayi ena m'mudzimo amene ankayang'anabe ababa ndi diso lina, ndipo amayi aakulu anamwalira akunenabe kuti, "Kaya, koma anachira atamwa." Ababa zimenezi ankazidziwa. Sanadandaulepo, ndipo sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi, ngakhale pamene ndinkawakwiyitsa ndi zina ndili mtsikana. Funso la amayi aakulu lija linatsala mwa ine. Ndinkaopa kulifunsa.

Panopa ndimakhala m'tauni ya Balaka, ndili ndi banja langa. Ababa anasiya usodzi, maso awo anachita chifunga. Chaka chatha anabwera kudzakhala nafe masiku angapo kuti akaonetse masowo kuchipatala. M'mawa wa tsiku lachiwiri, mwana wanga wamwamuna wa Sitandade 4 anadzuka atagwira pamimba, akubuula, akuti kusukulu sangathe kupita. Dzulo lake anali atamaliza mbale ziwiri za mpunga, ndipo anakhalira kukakamira agogo ake mpaka kugona. Ndinamuyang'ana kamodzi kokha n'kudziwa. Ndinamuuza kuti agone kaye, ndimupatsa mphindi khumi kuti matendawo aganize bwino. Ndinatuluka panja ndikuseka, n'kupeza ababa atakhala pakhonde akusenda mtedza m'lichero.

"Mdzukulu wanu wayamba ntchito yanga ija," ndinatero.

"Magazi," anatero ababa.

Ndinakhala pansi pambali pawo n'kuyamba kuwathandiza. Mwina chifukwa chakuti tinali awiri pakhonde m'mawa, manja ali pantchito, mantha aja anandichoka.

"Ababa, nthawi ija munkadziwa kuti ndikunama?"

"Ndinadziwa ulendo wachiwiri womwe. Wodwala m'chifuwa sakoka ukonde mmene munkakokera inu. Komanso chifuwa chanu chinkaiwala kukhosomola amayi anu akangopita kumjigo."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Zinkandikomera. Kodi mumayesa amene ankafuna kukhala ndi mnzake pakhonde munali inu nokha? Pamenepo ndinalakwa ndine, ndinayenera kukuthamangitsirani kusukulu."

"Koma tsiku la mchere, ababa. Munkadziwa kuti mulibe mlandu, munkadziwa kuti ndikunama. Munathiriranji?"

Anasenda mtedza wina, n'kuponya makoko pansi.

"Ndinakufunsani, inu n'kukhosomola. Mtima wanga wonse unkati mwanayu akunama. Koma panatsala kamalo kakang'ono, ngati kanjere aka, kamene kankati, nanga ngati ulendo uno akudwaladi? Ine si dokotala. Za mizu sindizidziwa, kaya zimachiza kaya sizichiza. Ndinangoona kuti mankhwala ali m'kapu, mwana wanga ali pamphasa, ndipo chimene chikutsekereza pakati ndi dzina langa basi. Dzina loipa munthu amayenda nalo, mayi. Nanga wina ngati inu ndikanakam'peza kuti?"

Ananena zimenezi ngati akunena za mtengo wa mtedza, n'kupitiriza kusenda.

Pepani ndinali nditawauza kambirimbiri, kuyambira pamchenga paja mpaka nditakula. Pakhonde paja m'pamene ndinazindikira kuti zikomo ndinali ndisanawauzepo. Ndinasuntha lichero, ndinagwada monga ndinagwadira kudooko, mayi wamkulu wa ana awiri, n'kuwauza. Mawu anatuluka movuta, koma anatuluka.

Ababa anafufuza mutu wanga ndi dzanja, poti maso sankaona bwino, n'kuugwira kunkhongo.

"Ndamva, mayi. Tsopano tadzukani mukamuone mwana uja. Mwina akudwaladi."